Kodi ovota angalole boma kuwazonda?

Mwafunsa ngati ovota angavomere malamulo olola boma kuzonda mafoni ndi mauthenga pofuna kuthana ndi zigawenga. Ine ndikuti inde, makamaka mantha akadali m'mitima. Ku America, patangotha masabata 6 chichitikire chiwembu cha pa 11 September 2001, lamulo la Patriot Act, lopatsa boma mphamvu zambiri zozonda anthu, lidadutsa mu Senate (imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo za dzikolo) ndi mavoti 98, wokana anali Russ Feingold yekha. Munthu amene waona nyumba zosanja zikugwa pa TV safunsa kuti akumvetsera foni ya ndani.

Chimandiwawa n'chakuti ambiri amavomera poganiza kuti wozondedwayo ndi wina, osati iwo. Ena adadzidzimuka mu 2013, Edward Snowden, amene ankagwirira ntchito bungwe la akazitape la boma la America la NSA, ataulula kuti bungwelo linkasunga manambala amene anthu wamba mamiliyoni ankaimbira, ndi nthawi yomwe ankaimba.