Mafunso a Owerenga: Kumanga Zuu pa Tebulo ndi Ark Nova

Mafunso a ulendo uno onse akukhudza Ark Nova, masewera a pa bolodi amene anakonzedwa ndi Mathias Wigge ndi kutulutsidwa ku Germany mu 2021 ndi kampani ya Feuerland Spiele. Amaseweredwa ndi munthu 1 mpaka anthu 4. Aliyense amapatsidwa mapu a malo ake, ndalama 25 za m'masewera ndi makhadi 8 oti asankhepo 4, kenako n'kuyamba kumanga makola, kugula nyama ndi kuthandiza ntchito zoteteza nyama zakutchire. M'bokosi muli makhadi 255, ndipo 128 mwa amenewa ndi a nyama. Mayina a makhadi tawasiya m'Chingerezi monga alembedwera, kuti muwazindikire pa tebulo.

Akonzi, malamulo ndawerenga kawiri konse, koma makhadi 5 a zochita akundizunguza mutu. Bwanji khadi lomwelo pena limachita zambiri, pena zochepa? Wowerenga wa ku Zomba

Mphamvu sili m'khadimo ayi, ili pa malo amene khadilo lakhala. Pansi pa mapu anu pali mipata 5, kuyambira 1 kumanzere mpaka 5 kumanja, ndipo m'mipatamo mumakhala Animals (lolowetsera nyama), Build (lomangira), Cards (lotolera makhadi), Association (lotumira antchito anu) ndi Sponsors (la othandiza zuu). Mukasewera khadi, mphamvu yake ndi nambala ya mpata wake. Mukatha limabwerera pa 1, ndipo makhadi amene anali kumanzere kwake amasendera kumanja mpata umodzi. Amene anali kumanja kwake sasuntha. Apa m'pamene ambiri amaphonya: mukasewera khadi la pa 2, lokwera ndi limodzi lokha, koma mukasewera la pa 5, onse 4 amakwera.

Tiyale makhadi pa tebulo kuti muone. Tinene kuti Animals ili pa 1, Build pa 2, Cards pa 3, Sponsors pa 4, Association pa 5, ndipo m'manja muli nyama yofuna khola la mabokosi 4. Build ya pa 2 singamange khola lotere. Sewerani Association kaye, Build ifika pa 3. Nthawi yanu ikakwananso sewerani Sponsors, yomwe tsopano ili pa 5, mutenge ndalama 5, Build ifika pa 4. Ulendo wachitatu mangani kholalo ndi ndalama 8, popeza bokosi lililonse ndi ndalama 2. Mukayang'ana mupeza Animals yafika pa 4, yakonzeka kulowetsa nyama. Palibe ulendo umene mwataya. Amene amasewera bawo akudziwa kale mutu wake: musananyamule nkhomo mumayamba mwawerenga kumene zikathere.

Tizizindikiro ta X timawonjezera mphamvu ndi 1 kalikonse, ndipo mungasunge tosapitirira 5. Musamatimwaze. Pomwe timalipira bwino ndi pomwe kusiyana kwa 4 ndi 5 kuli kwakukulu: Animals ya pa 4 imalowetsa nyama imodzi koma ya pa 5 imalowetsa ziwiri, ndipo ntchito yoteteza nyama imafuna Association ya mphamvu 5. Kumbukiraninso kuti Animals yosatembenuza, kutanthauza yosaikidwa ku mbali yake yachiwiri yamphamvu kwambiri, ikakhala pa 1 silowetsa nyama n'imodzi yomwe.

Ine ndalama zimandithera koyambirira. Ndimangokhala ndi njovu m'manja, anzanga akudzaza makola. Ndikulakwitsa pati? Wowerenga wa ku Chipata

Mukulakwitsa posankha makhadi 4 oyamba aja. Njovu ndi nyama zina zikuluzikulu zimafuna khola la mabokosi 4 kapena 5, ndiye kuti ndalama 8 kapena 10 zapita nyama isanabwere, pomwe mtengo wa nyamayo nthawi zambiri umaposa 20, zina mpaka 30 n'kupitirira. Kuwonjezera apo, m'mphepete mwa khadi kumanzere mumakhala zofunika kukwaniritsa, monga kukhala kale ndi zizindikiro za nyama zolusa, za kafukufuku, kapena zuu yogwirizana nayo ya ku kontinenti imene nyamayo imachokera. Khadi lotere m'manja koyambirira ndi katundu wolemetsa chabe. Sungani nyama ziwiri zing'onozing'ono za khola la bokosi 1 kapena 2, zopanda zofunika zambiri, zoti zilowe zonse nthawi yopuma yoyamba isanakwane.

Chifukwa chake n'chakuti ndalama zimabwera pa nthawi yopuma, ndipo kuchuluka kwake kumatsatira chikoka cha zuu yanu, mapointi a matikiti aja. Wopanda chikoka amalandira 5 zokha. Mapointi oyambirira amakweza malipiro mofulumira, koma mukamapita patali amakweza pang'onopang'ono. Kanyama kotchipa kolowa msanga kamakubwezerani ndalama pa kupuma kulikonse mpaka mapeto.

Pali njira zina zitatu zimene oyamba kumene amaziiwala. Zuu yogwirizana nayo, imene mumatenga ndi Association ya mphamvu 3, imachotsa ndalama 3 pa chizindikiro chilichonse cha kontinenti yake chimene chili pa khadi la nyama. Ngati m'manja muli nyama ziwiri za ku Africa, tengani ya Africa musanazigule. Yachiwiri ndi kiosk, tingoti kahokala ka m'zuu: kamadya ndalama 2 zokha, ndipo pa kupuma kulikonse kamapereka ndalama 1 pa chomanga chilichonse chogundana nako, monga khola lomwe muli nyama kapena chisakasa chopumiramo alendo. Khola wamba lopanda nyama siliwerengedwa. Pakati pa mahokala awiri pamayenera kutsala mabokosi osachepera 2, choncho ganizirani malo ake musanadzaze mapu. Yachitatu ndi Sponsors, imene m'malo mosewera khadi la wothandiza ingakupatseni ndalama zofanana ndi mphamvu yake.

Za nthawi yopumayo tinenepo pang'ono, chifukwa siibwera yokha. Kakapu ka khofi kamayenda pa mzere wake: Cards imakakankha mabokosi 2, ndipo Sponsors yotengera ndalama imakakankha molingana ndi mphamvu yake. Kakafika kumapeto, aliyense amataya makhadi mpaka atsale ndi 3 m'manja, antchito a Association amabwerera, makhadi 2 otsikitsitsa pa makhadi 6 oyalidwa pakati pa tebulo amachotsedwa, ndipo malipiro amaperekedwa. Amene wafikitsa kakapuko amapatsidwa X imodzi. Muziyang'ana kakapuka nthawi zonse. Kutola makhadi 3 kakapu katatsala mabokosi 2 n'kutolera kudzala. Koma ngati inu ndalama mwagwiritsa, wantchito wanu watuluka kale, pomwe mnzanu wadzaza makhadi 6 m'manja ndipo wantchito wake akadali khale, imeneyo ndiyo nthawi yokankha kakapu mwadala.

Chenjezo lina pa makola: onani ngati nyamayo ikufuna madzi kapena miyala, chifukwa kholalo liyenera kugundana nazo pa mapu, ndipo likamangidwa silisunthika. Nyama yaing'ono ingalowe m'khola lalikulu, koma khola wamba limatenga nyama imodzi basi.

Zuu yanga inali ndi nyama zambiri kuposa onse, chikoka changa chinali patsogolo, koma wopambana anali wina wa makola ochepa. Kodi tinawerengera molakwa? Wowerenga wa ku Johannesburg

Mwina simunalakwitse. Pa bolodi pali mizere iwiri yoyenda mokumanizana: chikoka chimachokera mbali imodzi, mapointi oteteza nyama, obiriwira aja, amachokera mbali inayo. Tizizindikiro tanu tiwiri tikakumana kapena kudutsana, ena onse amasewera kamodzi komaliza, ndipo wopambana ndi amene tizizindikiro take tadutsana patali kwambiri. Tsono mapointi obiriwirawo ndi olemera. 10 oyambirira, lililonse limafanana ndi chikoka 2, ndipo kupitirira apo lililonse limafanana ndi chikoka 3. Wa mapointi obiriwira 10 amafunika chikoka cha m'ma 94 kuti akumanitse, pomwe wa 20 amangofunika cha m'ma 64. Pa Board Game Arena, tsamba la pa intaneti loseweretsapo masewera a pa bolodi, amangophatikiza zonse n'kuika malire pa 100, koma masamu ake ndi omwewo.

Nyama mu Ark Nova sizigulidwa chifukwa chokongola. Musanatole khadi ngakhale limodzi, yang'anani ntchito zoteteza nyama zimene zayalidwa poyamba, zomwe zimakhala 3, kapena 4 mukakhala anthu 4. Ngati pali ya Africa, zizindikiro 5 za Africa zimapereka mapointi 5, ndipo 2 zokha zimapereka mapointi 2. Zuu yogwirizana nayo imawerengedwanso ngati chizindikiro. Mpata uliwonse pa ntchitoyo umatengedwa ndi munthu mmodzi, inunso ntchito imodzi mumaithandiza kamodzi. Ife timalangiza kuti ntchito yoyamba muithandize msanga ngakhale pa mapointi 2, chifukwa imabwera ndi zina: mumachotsa kachidutswa kumanzere kwa mapu anu n'kulandira mphatso imene kanaphimba, ndipo mukafika pa mapointi 2 mumasankha kutembenuza khadi kapena kulemba wantchito wina. Kudikira mapointi 5 kwa theka la masewera kumataya zonsezi. Ntchito zotsatira ndiye mungazidikirire pamwamba.

Musaiwale makhadi 2 a mapeto amene munapatsidwa poyamba. Wina akangofika pa mapointi obiriwira 10, aliyense amataya limodzi, ndipo lotsalalo lingakupatseni mpaka mapointi 4.

Khadi loyamba kutembenuza likhale liti? Wowerenga wa ku Mzuzu

Mwayi wotembenuza umapezeka kanayi pomwe makhadi ndi 5, ndiye limodzi lidzatsala. Umabwera pa mapointi obiriwira 2, pa mbiri 5 (mbiri ndi mzere wina wa pa bolodi wosonyeza kutchuka kwa zuu yanu), pa zuu yogwirizana nayo yachiwiri ndi pa yunivesite yachiwiri. Wa mbiri ndi wapafupi: mumayambira pa 1, Association ya mphamvu 2 imapereka mbiri 2, ndipo imodzi mwa mayunivesite atatu imapereka 2 zina.

Kwa ife Build ndiyo imayamba nthawi zambiri, chifukwa yotembenuza imamanga zinthu zingapo zosiyana ulendo umodzi, mwachitsanzo khola la 3, hokala ndi chisakasa pa mphamvu 5, komanso imatsegula nyumba ya zokwawa ndi nyumba yaikulu ya mbalame. Animals imatsatira ndalama zikayamba kuyenda, poti imalowetsa nyama ziwiri kuyambira pa mphamvu 3. Association yotembenuza ndiyo imalola zuu yogwirizana yachitatu ndi yachinayi, ndi kupereka ndalama kuti mupeze pointi yobiriwira. Mbiri singadutse 9 popanda kutembenuza Cards. Sponsors ndiyo imatsala kawirikawiri, pokhapokha m'manja mutadzaza othandiza.

Khadi lina likuti ndimasule nyama yanga ipite kutchire. Ndaigula modula, ndiitayirenji? Wowerenga wa ku Tete

Werengani musanakane. Nyama mukaimasula, khadi lake limachoka, chikoka chimene linabweretsa chimachotsedwa, ndipo ndalama sizibwezedwa. Koma nyama ya khola la 4 kapena 5 imapereka mapointi obiriwira 5, ya khola la 3 imapereka 4, yaing'ono imapereka 3. Ngati mwadutsa kale pa 10, mapointi 5 amenewo ndi chikoka 15. Nyama ya chikoka 8 ikapita mwapindula 7, ndipo khola labwerera lopanda kanthu, loti mulowetsemo ina osalipiranso zomanga. Chosamala n'chakuti zizindikiro za nyamayo zimapita nayo limodzi, ndiye ngati mukuzifuna pa ntchito ina, yambani ntchito imeneyo. Koyambirira kwa masewera kumasula kumatsitsanso malipiro anu, choncho kumakoma chakumapeto.

Makhadi ena a mtundu umenewu ali ndi mayina a mapaki enieni, monga Serengeti ndi Yosemite. Kwathu kuno ganizo lobwezera nyama kumene zinatha si lachilendo: mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota. Zimenezo zinali njovu zakutchire kale, osati za m'zuu, ndipo ntchitoyo inatenga magalimoto, madokotala a nyama ndi mipanda, osati khadi limodzi.

Makhadi a njoka zaululu ndi anyani akuba ayambitsa mkangano pakhomo pathu. Tingawachotse? Wowerenga wa ku Blantyre

Musawachotse, chifukwa zizindikiro zake zimafunika pa ntchito zoteteza nyama. Pa makhadi amenewo pali kabokosi kena kolembedwa zochita munthu akamasewera yekha. Gwirizanani musanayambe kuti nonse muzitsatira kabokosiko, ndipo palibe adzalumidwe kapena kuberedwa.

Ana anga ndi a zaka 8 ndi 10. Angathe? Wowerenga wa ku Birmingham

Pa bokosi analemba zaka 14 kupita m'tsogolo ndi mphindi 90 mpaka 150, ndipo anthu 4 ongoyamba kumene amapitirira pamenepo. Makhadi ali ndi mawu ambiri oti awerengedwe. Kwa ana amenewa yambani ndi Zooloretto ya Michael Schacht, imene inapata mphoto ya Spiel des Jahres, ya ku Germany ya masewera opambana pa chaka, mu 2007. Anthu 2 mpaka 5 amaimaliza m'mphindi pafupifupi 45. Nthawi yanu ikakwana mumatola kachidutswa n'kukakweza pa lole ya mipata 3, kapena mumatenga lole yonse n'kupita nayo ku zuu yanu. Khola lililonse limasunga mtundu umodzi wa nyama, yaimuna ndi yaikazi zobereka zikakumana zimabala mwana, ndipo nyama zosowa khola zimakakhala kosungira n'kukuchotserani mapointi pamapeto.

Wamkuluyo akadzafuna Ark Nova, mpatseni mapu A, amene amabwera ndi hokala ndi khola la mabokosi 3 zomangidwa kale, ndipo sewerani anthu awiri okha. Inu mwini mungayambe mwayeserera panokha: malamulo a munthu mmodzi amakupatsani maulendo 27 kuti tizizindikiro tiwiri tija tikumane.