Peugeot 404 ya malemu bambo anu musaifunditse lona

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Ulongué, ku Angónia. Akuti bambo awo atamwalira anasiya Peugeot 404 ya pikapu, yomwe kwa zaka zambiri inkatsika ndi mbatatesi ndi nyemba kupita ku Tete, ndipo pano yangoima kuseri kwa nkhokwe. Iwo akhala akuonera pa YouTube anthu achuma a ku Ulaya ndi ku America amene ali ndi magalimoto akale odzadza nyumba, onyezimira ngati agulidwa dzulo, koma osayenda. Ndiye akufunsa kuti munthu angagule bwanji galimoto ya ndalama zankhaninkhani n'kungoitsekera. Akufunsanso ngati nawo angoikonza 404 ija, n'kuifunditsa lona, n'kumadikira kuti mtengo wake ukwere.

Achimwene, pepani ndi maliro a bambo. Ndiyambe ndi funso loyambalo.

Magalimoto amene mukuwaonawo eni ake ambiri sawawerengera ngati choyendera. Kwa iwo ndi nkhokwe yosungiramo chuma. Taonani Ferrari 250 GTO: pakati pa 1962 ndi 1964 anapanga 36 zokha, ndipo mu 2018 imodzi inagulitsidwa pa okushoni ku California pa madola 48.4 miliyoni. Mu Meyi 2022, Mercedes-Benz 300 SLR Uhlenhaut Coupé ya mu 1955, yomwe zilipo ziwiri zokha padziko lonse, inapita pa mayuro 135 miliyoni ku Stuttgart. Chinthu cha mtengo wotere munthu amachita nacho mantha. Ogula amayang'ana makilomita amene galimoto yayenda, amayang'ana ngati injini ndi giyabokosi zili zomwe zija inatuluka nazo ku fakitale, ngakhalenso penti ndi chikopa cha mipando. Ikagundidwa pang'ono, chitsulo chake sichipezeka m'sitolo, mpaka mmisiri achisule ndi manja. A inshulansi nawo nthawi zambiri amaika malire a makilomita amene galimoto yotere ingayende pa chaka. Ndipo munthu akakhala ndi magalimoto 50, thupi lake ndi limodzi, sangawakwere onse.

Ife a ku Angónia zimenezi sizingatidabwitse kwambiri. Madala athu amasunga ng'ombe m'khola zaka ndi zaka osapha, ana akudyera nsima masamba a maungu, chifukwa ng'ombe ndi banki, ndi ulemu wa pamudzi. Koma kumbukirani kuti ng'ombe ya m'khola imaswana, imapereka ndowe za kumunda, imakoka ngolo. Galimoto ikaima siswana. Imayamba kufa, ndipo imafa mwakachetechete.

Apa ndipamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa pa kanema sakuonetsani. Batire imatha moto payokha pakangopita masabata angapo. Petulo akakhalitsa m'thanki amawonongeka, amasiya zomatamata ngati ulimbo zomwe zimatseka timabowo ta kabyuleta. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyontho cha mumpweya, ndiye mkati mwa masilinda mumachita dzimbiri, tsiku loponda buleki mupeza kuti yagwira osabwerera kapena yangolowa pansi. Malabala onse, mapaipi a madzi ndi tomatira toletsa oyilo kudontha, amauma n'kung'aluka. Matayala amaphwatalala mbali imene yakhudza pansi. Kilatchi imamatirira. Oyilo yense amatsikira pansi, zitsulo za m'kati mwa injini n'kukhala zouma. Kwathu kuno onjezerani makoswe, amene amamanga zisa m'mipando ndi kutafuna mawaya, makamaka galimoto ikakhala pafupi ndi nkhokwe ngati yanuyo.

Olemera aja amalimbana ndi zonsezi ndi ndalama. Nyumba zawo zosungiramo zili ndi makina ochotsa chinyontho, batire amailumikiza ku magetsi usana ndi usiku, ndipo pali amakaniko olembedwa ntchito yongoliza injini ndi kusuntha magalimotowo. Pamene chisamalirocho chasowa, chuma sichithandiza. Banja lachifumu la ku Brunei linagula magalimoto apamwamba zikwizikwi, ndipo ambiri anawonongeka ndi chinyontho ndi nkhungu atakhala zaka osayenda. Ine ndinaziona ndi maso anga pa Land Rover ya amalume anga. Ankaikonda kwambiri moti anaimangira kanyumba kake n'kuikhomera loko, ati isakalambe. Patapita zaka zingapo titatsegula, injini inali itagwirana, osatembenuka ngakhale ndi sipanala yaitali. Inathera kwa ogula zitsulo. Amalumewo analira ngati pamaliro, ndipo ine chimandiwawabe mpaka lero.

Ndisaname, osunga magalimotowa achita chinthu chabwino chimodzi: popanda iwo magalimoto ambiri akale bwenzi atasungunulidwa kalekale. Ena amatsegulira anthu kuti aone, monga nyumba yoonetsera magalimoto ya Franschhoek Motor Museum ku South Africa, ya mponda matiki Johann Rupert. Koma amene ndimawalemekeza koposa ndi amene amawatulutsa pamsewu. Ku England, Novembala aliyense, magalimoto opangidwa chisanafike chaka cha 1905 amanyamuka ku London kupita ku Brighton, m'chisanu ndi mvula. Ku Goodwood, ku England komweko, ma 250 GTO omwe aja akhala akuthamangitsidwa pa mpikisano, eni ake akudziwa kuti akhoza kugundana. Ngakhale ku Pebble Beach, ku California, kumene amapikisana pa kukongola kwa magalimoto, magalimoto awiri akafanana mapointi amapatsa chikho imene inayenda nawo ulendo wa pamsewu masiku a chionetserocho. Ng'oma imadziwika ndi kulira kwake. Galimoto nayo luso la amene anaipanga lili m'kalilidwe ka injini, m'mene giya ikulowera, m'mene ikukhotera pakona, ndipo zimenezi sungazione itaima.

Tsopano za 404 yanu. Ndikuuzeni zoona, achimwene: simudzalemera nayo. Ferrari ija yakwera mtengo chifukwa zilipo 36. Ma 404 anapangidwa oposa 2 miliyoni kuyambira mu 1960, ndipo ku Kenya anapitiriza kuwalumikiza mpaka 1991. Ulemerero wake uli pena. Galimoto imeneyi inapambana mpikisano wa East African Safari Rally mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, pa misewu ya fumbi ndi matope yofanana ndi yathuyi. Inatchuka mu Africa muno chifukwa chosenza katundu ndi kupirira, ndipo yanuyo inalera banja lanu. Mwina sukulu yanu inalipiridwa ndi matumba amene ananyamulidwa kumbuyo kwakeko. Kuifunditsa lona ndi kuilanda chinthu chokhacho chimene imadziwika nacho.

Musanagwire sipanala, khalani pansi ndi amayi ndi abale anu mugwirizane kuti galimotoyo ndi ya yani, chifukwa katundu wa malemu wapasula mabanja ambiri. Kenako konzani mapepala, livrete (buku la galimoto) ikhale m'dzina loyenera, seguro (inshulansi) ndi inspecção (pepala losonyeza kuti galimoto yayezedwa) zikhalepo.

Musathamangire kuiliza. Chotsani petulo yense wakale ndi kutsuka thanki, sinthani oyilo ndi fyuluta, masulani mapulagi muthire oyilo pang'ono m'masilinda, ikhale usiku umodzi, ndipo mutembenuze injini ndi dzanja kaye. Ikatembenuka, mwapeza mwayi. Mabuleki muwamasule onse, mapaipi a madzi musinthe, matayala akakhala ong'aluka m'mbali muwataye ngakhale mano ake akuoneka atsopano. Ntchito imeneyi mupatse mmisiri wachikulire amene anakulira pa magalimoto a kabyuleta. Alipobe ku Ulongué, ku Moatize ndi ku Tete, koma akutha, ndipo anyamata a lero azolowera magalimoto oyezedwa ndi kompyuta. Mukapita kwa mdalayo mutenge mwana wanu kapena mphwanu aziona ndi kumupatsira zida. Iyi ndi mbali ina imene imandidetsa nkhawa: galimoto zakale zikasiya kuyenda, nzeru zozikonzera nazo zimapita ndi eni ake kumanda.

Ikadzuka, muziiyendetsa kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri, ulendo wokwanira kuti injini itenthe bwinobwino, monga theka la ola. Kungoiliza pakhomo mphindi zisanu n'kuzimitsa kumaunjika madzi mu ekizozi ndi mu oyilo, n'kuwononga m'malo mothandiza. Yambani ndi maulendo aafupi, kutchalitchi, kumsika, kenako ku Dómuè kapena ku Calómuè. Ulendo wa ku Tete muusunge kaye mpaka mutakhulupirira ledieta ndi mabuleki, chifukwa kuchoka kumapiri ozizira kwanuko kutsikira ku chigwa cha Zambezi, kumene mu Okutobala kutentha kumapyola madigiri 40, pakati pa mathiraki a ku Moatize, ndi mayeso aakulu kwa galimoto ya zaka zimenezo. Tsiku lomwe mudzatsike, mudzanyamuke m'mamawa ndi chigubu cha madzi ndi fanibeluti yapadera, amayi akhale kutsogolo pampando wawo wakale, ndipo mukadzawoloka mlatho wa Samora Machel mudzandilembere.