Bwanji vinyo wanga wofiira akuwotcha kukhosi?

FUNSO: Akonzi, tikamawotcha nyama Loweruka ndimagula vinyo wofiira wotsika mtengo wa ku South Africa, wolembedwa Pinotage kapena Shiraz. Chilimwe chino akuwotcha kukhosi ngati kachasu, ndipo wotsala amasasa pakangopita masiku ochepa. Kodi akundigulitsa wachinyengo? Ndine bambo wa ku Highfield, Harare.

YANKHO: Bambo, mtima m'malo. Nthawi zambiri chimene chimaononga vinyo wotere ndi kutentha ndi mpweya.

Wambiri wotsika mtengoyu amachokera m'madera otentha a Western Cape monga Swartland, Robertson ndi Worcester. Dzuwa likachuluka mphesa zimapsa ndi shuga wambiri, ndipo pofulula shugayo ndiye amasanduka mowa. Yang'anani pa botolo, kawirikawiri mupeza 13.5% mpaka 14.5%. Vinyo wamphamvu chonchi akafunda, ukali wa mowa umaphimba kukoma kwa zipatso. Iye amakoma pa madigiri 15 mpaka 18, pomwe masana a Okutobala muno mu Harare amafika cha m'ma 30. Ndiye muzimuika mufiriji kwa mphindi 30 mpaka 45 musanatsekule. Magetsi akazima, imikani botolo m'ndowa ya madzi ozizira, kapena likulungeni ndi nsalu yonyowa n'kuliika pamthunzi pomwe pakupita kamphepo. Koma asazizire mopitirira, chifukwa akatero amaumitsa m'kamwa ndipo fungo lake limabisala.

Kusasako kumabwera ndi mpweya. Botolo likatsekulidwa, mpweya umafifiza kukoma, kenako tizilombo tosaoneka ndi maso timasandutsa mowawo kukhala viniga, ndipo pofunda timagwira ntchito msanga. Mukangothira tsekani, wotsalayo akagone mufiriji, mumumalize pasanathe masiku atatu mpaka asanu. Botolo la 750 ml limatulutsa matambula asanu a 150 ml. Mukangomwa matambula awiri okha, tsanulirani wotsalayo m'kabotolo koyera kakang'ono, kadzaze mpaka m'khosi kuti mpweya usowe malo. Ngati mumamwa pang'onopang'ono, wa m'bokosi ndiye wokuyenerani: thumba lam'kati limaphwa vinyo akamatuluka, mpweya sulowa, moti amatha mwezi ali bwino.

Pogula, lisiyeni botolo lomwe lakhala padzuwa pawindo, kapena lomwe chitsekerero chake chatukumuka n'kudontha. Limenelo linapsa kale. Musalisiyenso m'buti ya galimoto masana. Onaninso chaka, chifukwa vinyo wotsika mtengo sakoma ndi kukalamba. Tengani wa zaka ziwiri kapena zitatu zapitazi.

Pakati pa Pinotage ndi Shiraz, ife tingakusankhireni Pinotage pa nyama yowotcha. Mphesayi ndi ya ku South Africa komweko, anaipanga ndi Abraham Perold ku Stellenbosch mu 1925 pokwatitsa mphesa za Pinot Noir ndi Cinsaut, ndipo imayenda bwino ndi ng'ombe kapena mbuzi ya mafuta. Tsabola yekha muchepetse, amaonjezera kuwotcha kuja. Tsiku la kapenta musamutsekule, pa nsomba amamveka chitsulo m'kamwa.