Mafunso Anu: Mtengo wa Mexican elm ndi matabwa ake

Funso: Akonzi, mwana wanga wandionetsa pa foni chithunzi cha mtengo wotchedwa Mexican elm, akuti umatalika modabwitsa. Ine ndine kalipentala, ndiponso ndili ndi kamunda ka mitengo. Kodi ndi zoona? Matabwa ake ndi otani, nanga kuno ungamere?
Kalipentala, Balaka

Yankho: Bambo, mwana wanuyo sananame. Mtengowu akatswiri amautcha Ulmus mexicana, ndipo kwawo ndi ku mapiri a kum'mwera kwa Mexico, kutsika ndithu kudzera ku Guatemala ndi Costa Rica mpaka ku Panama. Ku Costa Rica amati tirrá. Ina ikuluikulu imapitirira mamita 80, thunthu lake n'kunenepa kuposa mamita 2, ndipo nthambi zimayambira pamwamba kwambiri. Kalipentala aliyense akaona thunthu lowongoka chotero mtima umadyoka.

Koma thabwa lake si lamasewera. Ndi lolemera, lolimba, ndipo m'kati mwake muli timchenga tosaoneka ndi maso totchedwa silika. Timchengati ndi timene timabunthitsa sowo ndi mpeni wa pulena msanga. Ukanola m'mawa, pofika masana pulena yayamba kale kung'amba thabwa m'malo molisalaza. N'chifukwa chake ocheka mitengo yotere amagwiritsa ntchito masowo a mano a carbide, omwe ndi olimba kwambiri kuposa a chitsulo wamba. Msomali nawo osangoukhoma: yambani mwaboola kabowo kocheperako pang'ono kuposa msomaliwo, apo ayi upindika kapena thabwa ling'aluka kumapeto.

Vuto lalikulu lili pa kuumitsa. Thabwali likauma mothamanga limapotoka, ndipo nthawi zina limaphwafuka n'kukhala ndi timigodi pamwamba, chifukwa kunja kwauma pamene m'kati mudakali madzi. Njira yake ndi yomweyo imene ingakuthandizeninso pa mitengo yolimba ya kwathu kuno. Sanjani matabwa pamthunzi podutsa mphepo, masentimita 40 kapena kuposerapo kuchokera pansi. Pakati pa mzere uliwonse pingasani timitengo touma tonenepa mamilimita 25, totalikirana masentimita 45 mpaka 60, ndipo kamtengo kalikonse kakhale ndendende pamwamba pa kanzake ka pansi. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: timitengo tikasemphana, thabwa limauma lili lokhota ndipo silidzawongokanso. Pakani penti kumapeto konse kuwiri, chifukwa madzi amathawira kumeneko msanga n'kusiya ming'alu. Pamwamba ikanipo malata, muwapsinje ndi njerwa kapena miyala.

Za kudzala, tikuuzeni mosabisa, ku Balaka musadzivutitse. Kutalika kwa mtengowu kumachokera ku nkhalango zonyowa za m'mapiri, kumene mvula imafika mamilimita 2,000 mpaka 4,000 pachaka. Kwanuko zaka zambiri siifika ngakhale 1,000, kenako pamabwera miyezi yambirimbiri ya chilimwe chowotcha. Mbande ikhoza kuphuka mu chubu mukamaithirira, koma ikapita kumunda ivutika kudutsa Okutobala woyamba.

Ngati kamunda kanu kali pafupi ndi mtsinje kapena dambo, dzalani mbawa. Kumbani maenje a masentimita 60 mbali zonse, sakanizani dothi la pamwamba ndi ndowa imodzi ya manyowa owolerana, ndipo wokerani mvula ikakhazikika mu Disembala. Zaka ziwiri zoyambirira muzitchinga mbuzi ndi kulambula udzu kuopa moto.