Kwa mayi amene mwafunsa za mwana wanu uja

Mayi, funso lanu ndaliwerenga kawiri konse ndipo ndalephera kungodutsa. Mwati mnyamata wanu wa zaka 24 anasiya tchalitchi kalekale, akumwa mowa mpaka kubwera usiku ali dzandidzandi, abusa akuuzani kuti mumupereke m'manja mwa Mulungu koma inu mukuona ngati kutero nkumutaya, kwinaku achibale akuti mungomuthamangitsa pakhomopo. Ine sindine m'busa ayi, ndikuyankhani ngati munthu amene anakhalapo mwana wotereyo.

Nthawi ya masacheti ija ine ndinali momwemo. Mayi anga ndi a Chigwirizano, Lachinayi lililonse yunifomu yoyera mbee, ndiye tangoganizani manyazi ake mwana wawo akutoledwa m'ngalande. Poyamba ankalimbana nane ndi mphamvu zawo, kundidikirira pakhonde ndi tochi, kundibisira nsapato kuti ndisatuluke, kundiitanira akulu ampingo pabalaza ine mutu ukuwawa ndi matsire, zonsezo zinkangondiumitsa khosi, paja fupa lokakamiza limaswa mphika. Kenako ndinangoona kuti zokangana zija asiya. Koma mbale ya nsima sanasiye. Ndifike kaya 1 koloko usiku ndinkapeza nsima yovindikira pa tebulo, usipa kapena nyemba pambali, madzi osamba m'manja ali m'beseni. Yozizira inde koma ilipo. Ndiye nyumba yathu inalibe siling'i mawu ankadutsa pamwamba pa khoma, cham'ma 4 koloko ndinkawamva akupemphera chapansipansi akutchula ife ana mmodzimmodzi, akafika pa ine ankakhalitsa. Tsiku lina ndinawamva akuti Ambuye ine ndalephera, mwanayu ndi wanu munamudziwa ine ndisanamuone, chitani naye mmene mukufunira koma musamusiye. Ndinafunda bulangete kumutu kuti ndisamve koma ndinali nditamva kale. Sindinasinthe mawa lake, ndisakunamizeni, panadutsa zaka zina ziwiri, koma mawu amenewo ankanditsatira mpaka kumowa komweko.

Ndiye mukafunsa ngati kumupereka kwa Mulungu nkumutaya ine ndikuti ayi mayi. Chimene mayi anga anatula si ineyo, anatula maganizo oti iwowo ndi amene andisinthe. Katundu ameneyo ndi wolemera sangatheke ndi munthu, ndipo ndikuona kuti ndi amene akukusowetsani tulo inuyo.

Anzathu a Katolika amakumbukira Monica Woyera pa 27 Ogasiti, ine wa CCAP koma nkhani yake imandikhudza kwambiri. Anali mayi wa kuno ku Africa konkuno, dera limene pano ndi Algeria, ndipo mwana wake Augustine anamuliritsa zaka zambiri. Pena anafika pomukaniza kudya naye m'nyumba chifukwa cha chiphunzitso chachilendo chimene anatsatira, kenako mtima wa ubereki unakana, anamulandiranso. Mu 383 mnyamatayo anafuna kupita ku Rome, mayi ake anamugwira akulira pa doko la Carthage kuti asapite, iye anawanamiza nkukwera chombo usiku mayiwo atatsala akupemphera. Pemphero la usiku umenewo loti asapite silinayankhidwe mmene ankafunira. Koma ulendo womwewo ndi umene unakamufikitsa ku Milan kumene anakamva ulaliki wa bishopu Ambrose, ndipo pa Pasaka wa 387 anabatizidwa ali ndi zaka 32, mayi ake anaona ndi maso awo nkumwalira chaka chomwecho. Ine ndikaganiza za mayi ameneyo ataima pa doko m'mawa chombo chitapita, akuona ngati Mulungu sanamve, ndimaona inuyo lero.

Ndipo musadzimve wochimwa kuti mtima ukukana kugonja msanga. Yesu yemwe ku Getsemane anayamba wapempha kuti chikho chimupitirire, thukuta ngati madontho a magazi, kenako ndiye ananena kuti kusachitike kufuna kwanga koma kwanu, werengani Luka 22 kuyambira ndime 42. Lirani pamaso pake, muuzeni kuti mwatopa, Salimo 62 imati tsanulirani mitima yanu pamaso pake. Ndipo pa Luka 15 bambo uja sanamumange mwana wolowerera ndi chingwe, anamulola kupita, koma anamuona akali patali pobwerera, kusonyeza kuti maso ake anali kunjira tsiku ndi tsiku.

Chimodzi chokha ndisabise. Ngati akukumenyani kapena kuopseza ang'ono ake kapena wayamba kugulitsa katundu wa m'nyumba, pamenepo itanani amalume ake ndi akulu ampingo mukhale pansi muike malire, kudziteteza si kusowa chikondi. Ndalama m'manja musamamupatse, chakudya mupatseni. Komanso mowa ukamugwira munthu umasanduka matenda, a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, tsiku limene adzanene yekha kuti amayi ndatopa mudzakhale mukudziwa kale kolowera. Kupita kuchipatala sikuchotsa pemphero.

Mayi angawo pano maso anafooka, Buku Lopatulika lawo lija lachikuto chong'ambika ndimawawerengera ndine madzulo. Lero ndawawerengeranso funso lanuli pafoni, anakhala chete kanthawi kenako ati ndikuuzeni kuti nsima yake muzimusungirabe, ndipo mawa 4 koloko akutchulani inu ndi mwana wanuyo.