Za geni ya buledi wopanda soya wochokera ku Joni

Achemwali, mwafunsa kuti buledi wa anthu ochepetsa sitachi, makamaka wopanda soya, ndimamupeza bwanji, ndipo ngati nanunso mungayambe geniyi poti amayi anu ali ndi shuga komanso soya amawatupitsa m'mimba. Choyamba ndikuuzeni kuti buledi wophikaphika ndinasiya kunyamula. Ndimanyamula ufa.

Ulendo wochoka ku Park Station mu Johannesburg kufika ku Blantyre ndi wa masiku awiri, nthawi zina atatu mukachedwa pa Beitbridge. Mudutse Harare, Nyamapanda, kenako kutentha kwa ku Tete musanafike pa Zobue ndi Mwanza. Ulendo wanga woyamba ndinapikula buledi khumi ndi awiri wa mazira ndi njere. Potsegula chikwama kunyumba, pepala lake linali litachita thukuta mkati, m'mbali monse muli chuku chobiriwira. Mpamba unathera pomwepo, ndipo chinandiwawa kwambiri n'chakuti odwala anali akudikira.

Ndiye pano ndimagula ufa wa almond, ufa wa kokonati, flaxseed (njere za fulakesi), psyllium husk (makoko a njere omwe amathandiza buledi kugwirana) ndi ufa wosakaniza kale wa buledi. Ku South Africa zinthuzi n'zosasowa chifukwa kadyedwe kochepetsa sitachi kotchedwa Banting kanatchuka kwambiri kumeneko kudzera mwa Pulofesa Tim Noakes wa ku Cape Town. Mukalowa mu Dis-Chem, Checkers kapena Woolworths muzipeza pa shelefu ya zakudya za thanzi.

Koma apa ndi pamene ambiri amagwa. Mawu akuti low carb kapena Banting kutsogolo kwa paketi satanthauza kuti mulibe soya. Ufa wa soya ndi wotchipa ndipo sitachi yake ndi yochepa, choncho opanga ena amaukonda. Tembenuzani paketi, muwerenge timalemba tating'ono takuseri. Malamulo a dzikolo amakakamiza opanga zakudya kutchula zinthu zomwe ena sayanjana nazo, monga soya, tirigu, mazira, mkaka ndi mtedza. Fufuzani mawu akuti soya flour, soya protein ndi soya lecithin. Mukaona E322 yokha, dziwani kuti ndi lecithin, ndipo kawirikawiri amachokera ku soya pokhapokha atalemba kuti ndi wa mpendadzuwa. Ine ndimaima m'sitolo ndi magalasi pamphuno, kujambula kuseri kwa paketi, kutumizira kasitomala pa WhatsApp kuti avomereze ndisanalipire. Munthu wodwala sitimugulira mongoganizira.

Pa chipata nenani katundu yense kwa a MRA, malisiti ali m'manja. Musadalire ndondomeko ya COMESA yofewetsera malonda ang'onoang'ono, chifukwa South Africa sili m'bungwe limenelo. Funsaninso za katundu woletsedwa musananyamuke, poti mu 2025 boma la Malawi linaletsa kulowetsa zakudya zina monga chiponde ndi uchi. Mtengo muziwerengera zonse: basi, katundu wolemera, msonkho, malo ogona, ndi mtengo umene mwagulira randi. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ine sindipita popanda maoda olipiridwa theka. Onaninso deti lothera, ndipo ufa wa almond ndi flaxseed muziusunga pozizira. Uli ndi mafuta ambiri, ukakhala potentha umayamba kuwawa.

Tsono ngati cholinga ndi amayi okha, musathamangire pasipoti. Mpendadzuwa, chitowe, nthanga za maungu ndi nsinjiro tili nazo konkuno, makademiya amalimidwa ku Thyolo. Sinjani njere za mpendadzuwa zosenda, sefani, sakanizani ndi mazira, mchere, baking powder ndi psyllium pang'ono kuti buledi agwirane. Mkati akabiriwira musachite mantha, mpendadzuwa umatero ukakumana ndi soda wa mu baking powder, madzi a ndimu pang'ono amachepetsa zimenezo. Chofunika kuchokera kunja ndi psyllium yekhayo, ndipo paketi imodzi imakhalitsa.

Musanawasinthire chakudya amayi, pitani nawo kaye ku chipatala kumene amalandira mankhwala. Munthu womwa mankhwala a shuga kapena wobaya insulin akachepetsa sitachi mwadzidzidzi, shuga amatha kutsika mpaka kukomoka. Adokotala akavomereza, ndiuzeni, ulendo ukubwerawu ndidzakutengerani psyllium kuti muyesere.