Funsani Azaumoyo: Zinkhanira m'nyengo yotentha

Funso: Ndimakhala ku Mufakose kuno ku Harare. Mu Disembala ndikufuna kutumiza ana anga awiri kwa agogo awo ku Chiredzi, koma anzanga akundiopseza kuti zinkhanira za kumeneko zimapha. Kodi n'zoona? Nanga pali njira yodziwira nthawi imene zimaluma kwambiri? — Mayi wa ana awiri

Yankho: Mayi, anzanuwo sakunama. Zinkhanira zing'onozing'ono za kuno ku Harare zikaluma zimapweteka zedi, koma kawirikawiri ululu wake umathera pamalo olumidwawo. Kumadera otsika ndi otentha monga Chiredzi, Beitbridge ndi Gwanda kuli china chakuda, chofika masentimita 15, chimene akatswiri amachitcha Parabuthus transvaalicus. Chizindikiro chake musachiiwale: mchira wonenepa, zopanira zowonda. Cha zopanira zikuluzikulu ndi mchira wowonda chimaopsa maonekedwe chabe.

Kafukufuku amene dokotala Bergman anachita ku Gwanda, wofalitsidwa mu 1997, anapeza kuti amene ankafa ndi ana osakwana zaka 10 ndi akuluakulu opitirira zaka 50. Choncho nkhawa yanu ikhalenso pa agogowo.

Nthawi yake imadziwika ndithu. Chinkhanira chimadalira kutentha kwa kunja kuti chiyende, ndiye m'chisanu cha Juni ndi Julaye chimangobisala. Kuyambira Okutobala mpaka cha m'Malichi chimatuluka dzuwa likangolowa kukasaka tizilombo, ndipo mvula ikadzaza una wake chimathawira pouma: m'nyumba, pansi pa mphasa, mu mulu wa nkhuni. Azaumoyo amalosera poyerekeza chiwerengero cha olumidwa mwezi uliwonse ndi kutentha kwa usiku komanso mvula ya miyezi imeneyo. Ku Colima, m'dziko la Mexico, anaona kuti olumidwa amachepa kwambiri usiku ukamazizira kutsika pa madigiri 16. Vuto la kuwerengaku n'lakuti ambiri akumudzi safika kuchipatala, motero mabuku amasonyeza anthu ochepa kusiyana ndi amene alumidwadi, ndipo mankhwala oitanitsa molingana ndi mabukuwo amaperewera.

Anawo apite ndi nsapato zotseka zoti azivala madzulo komanso tochi. Azikutumula nsapato ndi zofunda asanazigwiritse ntchito. Ngati kuli bedi, alisunthe lisakhudze khoma, ndipo neti aipisire pansi pa matiresi. Nkhuni zituleni kutali ndi khomo, ndipo mwana asatumidwe kukazitenga kutada.

Funso: Mwana akalumidwa tichite chiyani tisanafike kuchipatala? Ena amati titeme mphini pabalapo. — Bambo wa ku Mbare

Yankho: Bambo, mphini ayi. Musateme, musayamwe, musamange chingwe. Zonsezi sizichotsa ululu wa chinkhanira m'thupi, zimangowonjezera bala ndi kutayitsa nthawi. Ikani nsalu yozizira pamalopo, mupatseni paracetamol pa mlingo wa msinkhu wake, kenako nyamukani. Mwana aliyense wolumidwa kumadera otentha aja apite kuchipatala ngakhale akuoneka bwinobwino, chifukwa ululuwu umagwira mitsempha ndipo mwa mwana zinthu zimatha kusintha ola limodzi kapena awiri asanathe.

Muli m'njira, yang'anitsitsani izi: dovu kuchucha, kulephera kumeza, zikope kulemera, minofu kunjenjemera, kudzandira, kapena mwana kuphiriphitha osatonthozeka. Choopsa kwambiri n'kupuma movutikira. Akayamba kuchucha dovu musamupatsenso chakudya kapena madzi, angatsamwe, mugonekeni cham'mbali.

Kuchipatala amapereka antivenom, mankhwala olimbana ndi ululu wa chinkhanira, kudzera m'mtsempha, mamililita 5 mpaka 10, ndipo mlingo wa mwana ndi wofanana ndi wa wamkulu popeza ululu umene walowa ndi womwewo. Mankhwalawa sagwira pompopompo, amatenga maola angapo, n'chifukwa chake wodwala amagonekedwa kuti azimuyang'anira kapumidwe. Mankhwala amphamvu ochepetsa kupweteka monga morphine ndi pethidine amapewedwa chifukwa amafooketsa kupuma. Makiliniki ang'onoang'ono ambiri sasunga antivenom, ndiye funsiranitu kumene amapezeka m'deralo, ndipo mugwirizane ndi mwini galimoto amene angadzuke usiku mukamuitana.